Kuwotcha mtembo: mafunso amene abale amafunsa ndi mayankho ake

Mafunso awa ndakhala ndikufunsidwa mobwerezabwereza, ena pa foni pakati pa usiku, ena pa siwa tikuwotha moto, chibwerereni kuno ku Nkhotakota kuchokera ku Joni, komwe ndinkathandiza nawo m'kagulu kathu kosonkherana pa maliro. Kwathu kuno nkhani imeneyi kawirikawiri imabwera ndi foni yochokera kutali. Mwana wamwalira ku Cape Town, ku Leeds kapena ku Dublin, ndalama zobweretsera bokosi sizikukwana, ndipo wina kumeneko wanena kuti, "Bwanji tingowotcha, tibwere ndi phulusa?" Pamenepo anthu amafunika kuyankha msanga, misozi ili m'maso, pa chinthu chimene sanachionepo. Ndalemba kuti amene afikiridwe ndi funso limeneli ayankhe akudziwa chimene akuvomera kapena kukana.

Kodi kuwotcha mtembo n'kutani kwenikweni?

N'kuika thupi la womwalira pa moto wamphamvu kwambiri mpaka mnofu wonse utatha, n'kutsala mafupa okha. Mafupawo amawapera n'kuwapereka kwa abale. Zimene nthaka imachita pa zaka zambiri, moto umazichita pa maola ochepa.

Njira zake zilipo ziwiri: ya ng'anjo yotseka yoyendera gasi, dizilo kapena magetsi, imene imapezeka m'mizinda ya ku South Africa ndi ku Ulaya, ndi ya mulu wa nkhuni pabwalo. Zambiri zimene zili m'munsimu zikunena za ng'anjo, chifukwa ndi imene abale athu akunja amakumana nayo.

Thupi likafika kumalo owotcherako, chimachitika n'chiyani?

Choyamba ndi mapepala. Ogwira ntchito amayerekeza dzina lolembedwa pa bokosi ndi dzina la pa zikalata, ndipo ngati china chasemphana, sayatsa moto. Kenako, ngati abale apempha, pamakhala mapemphero m'kachipinda kokhala ngati tchalitchi. Akatha, bokosi limapita kuseri.

Ng'anjoyo ndi chipinda chachitsulo choyalidwa njerwa zosapsa ndi moto, chokwana bokosi limodzi. Amayamba aitenthetsa, kenako n'kulowetsa bokosi n'kutseka chitseko. Bokosi ndi limene limayamba kupsa. Thupi la munthu wamkulu, pa magawo 10 alionse pafupifupi 6 ndi madzi, choncho gawo lalikulu limachoka ngati nthunzi. Utsi sutuluka kunja mwachindunji: umalowa m'chipinda chachiwiri komwe umapsanso, n'chifukwa chake pa chumuni cha ng'anjo yosamalidwa bwino simuona utsi wakuda kapena kumva fungo.

Moto ukazima amadikira kuti mafupa azizire, amawakokera m'chitsulo chonga thireyi, amachotsa misomali ndi zitsulo zina, ndipo otsalawo amawalowetsa m'kamakina kopera.

Motowo ndi wamphamvu bwanji, ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Kutentha kwake kumakhala pakati pa madigiri 800 ndi 1,000. Kumbukirani kuti madzi amawira pa madigiri 100. Amene anawotchapo njerwa angayerekeze ndi m'kati mwa uvuni usiku umene moto wakolera mpaka njerwa kufiira.

Kupsa kwenikweni kumatenga ola limodzi ndi theka mpaka maola atatu, malinga ndi kukula kwa thupi ndi mtundu wa bokosi. Kuzizira ndi kupera kumawonjezera ola limodzi kapena awiri. Koma phulusa silituluka tsiku lomwelo nthawi zonse. Nthawi zambiri abale amauzidwa kudzatenga patapita tsiku limodzi kapena masiku angapo.

Chimene amatipatsacho ndi phulusa ngati la pa mafuwa?

Ayi. Timangolitcha phulusa poti tilibe mawu ena. Ndi mafupa operedwa, otuwa moyererako, okhakhala ngati mchenga wa m'mbali mwa nyanja. Siliuluka ngati phulusa la nkhuni, ndipo limalemera kuposa mmene munthu amaganizira: la munthu wamkulu limakhala makilogalamu 2 mpaka 3, ndipo limadzaza chotengera cha malita pafupifupi atatu. Kuchuluka kwake kumayendera msinkhu ndi mafupa, osati kunenepa. La kamwana limakhala lochepa kwambiri.

Ndimauza anthu zimenezi asanalandire, chifukwa ndinaonapo bambo wina akugwa mphwayi atapatsidwa kabokosi ka mng'ono wake. Ankayembekezera chinthu chopepuka, ndipo kulemerako n'kumene kunamuuza kuti wanyamuladi munthu.

Nanga bokosi ndi zovala, amachotsa n'kukagulitsanso?

Bokosi limapsa limodzi ndi thupi, zovala zomwe. Zimene nthawi zina amachotsa ndi zogwirira zachitsulo. Chifukwa cha chimenechi, palibe nzeru kugula bokosi lodula ngati mwasankha kuwotcha. La matabwa wamba limakwanira. Mphete, wotchi ndi mikanda imene mukufuna kusunga muichotse bokosi lisanatsekedwe, chifukwa ikalowa m'ng'anjo siibweranso ili bwino.

Tidzadziwa bwanji kuti phulusalo ndi la m'bale wathu, osati losakaniza?

Funso ili ndi limene limabwera kawirikawiri kuposa onse, ndipo ndi loyenera. Malo oyendetsedwa mwalamulo amawotcha thupi limodzi pa nthawi imodzi, ndipo amachotsa zonse m'ng'anjo asanalowetse bokosi lina. Thupi lililonse limapatsidwa nambala imene imayenda nalo kuyambira pakhomo mpaka pa kabokosi kotulukira. Malo ambiri amaika kachitsulo kapena kamwala kosapsa kolembedwa nambalayo, ndipo mumakapeza m'phulusa momwemo.

Kunena zoona, tifumbi tochepa kwambiri timatsalira m'ming'alu ya njerwa za ng'anjo, ndipo palibe tsache limene lingachotse tonse. Koma mafupa amene mwapatsidwawo ndi a munthu wanu. Ngati mtima sukukhazikika, pemphani kuti mmodzi wa inu akaone bokosi likulowa (onani funso la kukhalapo m'munsimu), ndipo nambala ya pa kabokosi muiyerekeze ndi ya pa chikalata musanachoke.

Kodi malemu samva ululu? Tinamva kuti mtembo umadzuka moto ukayaka.

Samva kalikonse. Ululu umamveka mu ubongo kudzera m'mitsempha, ndipo zonsezi zimaleka kugwira ntchito pa imfa, masiku angapo thupi lisanafike pa ng'anjo.

Za kudzukazo, gwero lake ndi ili: minofu ikatentha imakhwinyata, monga imachitira nyama iliyonse pa moto, ndipo manja kapena miyendo ingapindike pang'ono. Amene anaona zimenezi pa mulu wa nkhuni ndi amene anafalitsa mbiriyo. Mtembo sukhala tsonga, ndipo sulira.

Malemu anali ndi chitsulo m'mwendo. Zimenezi zimasokoneza?

Zitsulo za m'mafupa, monga zimene madokotala amaika munthu akathyoka kapena akasintha nyung'unyu, sizisungunuka. Zimatsala, ndipo amazichotsa ndi manja kapena ndi maginito asanapere mafupa.

Choopsa ndi kamakina kothandiza mtima kugunda kamene ena amaikidwa pachifuwa. Kali ndi batire, ndipo batire pa moto wotero limaphulika mpaka kuwononga ng'anjo kapena kuvulaza wogwira ntchito. Kameneka kayenera kuchotsedwa kaye ku mochale. Pa fomu yopempha kuwotcha pamakhala funso la zimenezi. Musaliyankhe mongoganizira, funsani amene ankakhala ndi malemu.

Tingaone nkhope? Tingakhalepo pamene akuwotcha?

Kuona nkhope kumatheka monga pa maliro ena alionse, bokosi lisanapite kuseri. Ngati makolo ali kumudzi, pemphani chilolezo cha banja lonse kuti wina ajambule kapena aimbe foni ya vidiyo pa WhatsApp, mayi aone mwana wawo. Ena amakana zojambula, ndipo kukana kwawo kulemekezedwe. Koma kufunsa kokha musalephere, chifukwa mwayi umenewu subweranso.

Kuona bokosi likulowa m'ng'anjo, malo ambiri amalola anthu ochepa ngati mwapempha pasadakhale.

Achihindu amawotcha mofanana ndi zimenezi?

Kwa Ahindu kuwotcha ndi mwambo wa chipembedzo, si nkhani ya ndalama. Mwa chikhalidwe chawo, thupi amaliika pa mulu wa nkhuni ndipo mwana wamwamuna woyamba ndiye amayatsa. Mulu umodzi umadya nkhuni zokwana makilogalamu 400 kapena 500, ndipo umayaka maola ambiri kuposa ng'anjo. Mafupa amawatola n'kukawataya m'madzi oyenda. Ku India ambiri amafuna mtsinje wa Ganges. Asikhi ndi Abuda ambiri amawotchanso.

Ku Johannesburg malo owotcherako a Ahindu a ku Brixton anamangidwa mu 1918, pa malo amene Mahatma Gandhi anathandiza kupempha kwa akuluakulu a mzindawo.

Kodi kuno ku Malawi zimachitika?

Zimachitika, koma mwa apo ndi apo, makamaka pakati pa Ahindu a m'mizinda ikuluikulu. Kuno ku Nkhotakota ndi ku Salima kulibe malo otero, ndipo munthu akamwalira pa chipatala cha boma kapena kumudzi, funso limeneli silibwera n'komwe: adzukulu amakumba, timaika. N'chifukwa chake ndanena poyamba kuti kwa ife nkhaniyi ndi ya omwalirira kunja.

Maiko ena zinthu zinatembenuka. Ku Japan anthu oposa 99 pa 100 alionse amawotchedwa, ku Britain pafupifupi 8 pa 10 alionse. Koma ku Ulaya njira yamakonoyi sinayambe kale kwambiri: ng'anjo yoyamba yamakono inatsegulidwa ku Milan, ku Italy, mu 1876, ndipo ya ku Woking, ku England, inawotcha thupi loyamba mu 1885, anthu ambiri akutsutsa.

N'chifukwa chiyani mtima wathu umakana chotere? Kapena n'chifukwa choti ndi za azungu?

Ndikuganiza kuti chifukwa chake n'chozama kuposa pamenepo. Kwathu moto pa thupi la munthu wakhala chizindikiro cha chilango. Makolo akale ankawotcha mtembo wa munthu amene wafa ndi mwabvi, kuti mfitiyo itheretu. Masiku ano mukamva kuti "amuwotcha", maganizo amathamangira kwa woganiziridwa kuba amene gulu lamukoleka tayala. Ndiye pamene gogo auzidwa kuti mdzukulu wawo awotchedwa, iwo akumva kuti mwanayo aweruzidwa ngati mfiti kapena mbala. Amene akulankhula nawo ayambire pamenepo, asayambire pa mitengo ya ndege.

Chachiwiri ndi manda. Kwa Mchewa manda ndi mudzi wa makolo. Mitengo yake sitidula, sitilowako popanda chilolezo cha mfumu, ndipo banja limene lili ndi manda pamalo lili ndi umboni woti ndi eni dera. Munthu wosagona kumeneko amaoneka ngati wotayika.

Komabe kunena kuti kuwotcha sikunachitikepo pa dziko lino n'kulakwa. Olemba mbiri ya Angoni a kwa Maseko amanena kuti mafumu awo aakulu akale, monga Mputa, ankawotchedwa, ndipo umenewo unali ulemu wa ufumu. Ndipo pansi pa phiri la Hora ku Mzimba, akatswiri ofukula zakale anapeza phulusa ndi mafupa a mayi amene anawotchedwa pa mulu wa nkhuni zaka pafupifupi 9,500 zapitazo. Sindikutchula izi kuti ndikope wina. Ndikungofuna kuti banja limene lakakamizika kuwotcha lisamadzione ngati lachita chinthu chimene munthu wakuda sanachitepo.

Baibulo limati bwanji? Wowotchedwa adzauka?

Baibulo lilibe lamulo loletsa kapena lolamula. Chizolowezi cha anthu a Mulungu chinali kuika m'manda: Abrahamu anagula phanga la Makipela kuti aikemo Sara, ndipo Yesu anaikidwa m'manda. Pa Amosi 2:1 Amowabu akudzudzulidwa chifukwa chowotcha mafupa a mfumu ya Edomu, koma kumeneko kunali kunyoza mdani. Pa 1 Samueli 31 anthu a ku Yabesi Gileadi anawotcha matupi a Sauli ndi ana ake n'kuika mafupa awo pansi pa mtengo, ndipo Davide atamva anawadalitsa chifukwa cha kukoma mtima kwawo.

Za kuuka kwa akufa, ife a m'mbali mwa nyanja sitiyenera kuvutika nazo. Ndi asodzi angati amene mwera unawatenga, osapezekanso? Ndi angati amene ng'ona inawagwira ku Bua kapena ku Chia? Palibe mbusa amene anauza amasiye awo kuti Mulungu adzalephera kuwapeza. Chivumbulutso 20:13 chimanena kuti nyanja idzapereka akufa amene ali m'menemo. Amene angatole munthu pansi pa nyanja sangalephere pa phulusa.

Nanga mipingo yathu imalola?

Mpingo wa Katolika unkaletsa mpaka mu 1963. Lero umalola, ngakhale umalimbikitsabe kuika thupi, bola munthu asasankhe kuwotchedwa pofuna kukana chikhulupiriro cha kuuka kwa akufa. Malangizo a mu 2016 ochokera ku Vatican amati phulusa lisungidwe pamalo opatulika monga kumanda. Lisamwazidwe, lisagawidwe, ndipo lisasungidwe m'nyumba. Mu December 2023 anawonjezera kuti akuluakulu a mpingo angalole banja kusunga kagawo kochepa kwambiri pamalo amene anali ofunika pa moyo wa malemu.

Mpingo wa Anglican m'maiko ambiri umalola. Arkibishopu Desmond Tutu atamwalira pa 26 December 2021, thupi lake silinaikidwe lathunthu: linasungunulidwa ndi madzi otentha osakaniza mankhwala, njira ina yatsopano yofanana ndi kuwotcha, ndipo phulusa lake linaikidwa m'tchalitchi chachikulu cha St George's ku Cape Town.

Koma zolembedwa ku likulu ndi zimene mbusa wa pa mpingo wanu anazolowera nthawi zina zimasiyana. Kaya ndinu a CCAP, a Anglican, a Seventh Day kapena a Pentekoste, pitani kwa abusa kapena ansembe anu musanasaine chilichonse, muwafunse ngati adzayendetse mwambo phulusa likafika.

Malemu anali Msilamu. Pali njira iliyonse?

Palibe. Chisilamu chimaletsa kuwotcha mtembo, ndipo pa ichi mashehe sasiyana. Thupi liyenera kusambitsidwa, kukulungidwa mu sanda, kupemphereredwa ndi kuikidwa m'nthaka msanga, litayang'ana ku Makka. Pali hadisi, mawu a Mtumiki Muhammad, yonena kuti kuthyola fupa la wakufa kuli ngati kulithyola iye ali moyo. Ndiye ganizirani za makina opera aja.

Ngati Msilamu wamwalirira kunja ndipo ndalama zobwera naye palibe, aikidwe komweko m'manda a Asilamu. Pitani ku mzikiti wapafupi. Ku South Africa ndi ku Britain Asilamu ali ndi magulu othandiza pa maliro, ndipo sayang'ana kuti munthu ndi wa dziko liti. Kuno kwathu mabanja ambiri ndi osakanikirana, bambo Msilamu, ana ena Akhristu. Pa nkhaniyi titsate chipembedzo cha womwalirayo, osati cha amene ali ndi ndalama.

Mwana wathu wamwalira kunja ndipo akuti kuwotcha n'kotsika mtengo. N'zoona?

Nthawi zambiri n'zoona, makamaka ngati ali kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Kubweretsa thupi pa ndege kumafuna kulikonza ndi mankhwala kuti lisawonongeke, bokosi lomatidwa bwino loti mpweya usatuluke, zilolezo za maiko awiri, ndi kulipira ndege molingana ndi kulemera kwa katundu. Tsiku lililonse ku mochale limawonjezeranso ngongole. Phulusa limangoyenda m'chikwama cha munthu mmodzi.

Ku South Africa nkhani ndi yosiyanako, chifukwa pali msewu. Matupi ambiri amabwera pa galimoto kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza. Anthu akasonkherana, kapena ngati malemu anali m'gulu la maliro kaya anali ndi inshulansi, zimatheka. Choncho musavomere mawu oti "palibenso njira ina" musanafunse mitengo ku makampani awiri kapena atatu, ndiponso musanafunse kuntchito kwa malemu ngati pali thandizo. Njira yachitatu, imene anthu amaiwala, ndi kuika thupi komweko.

Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi cha mnyamata wina wa kwathu kuno. Kampani ina yosamalira maliro inafulumizitsa msuweni wake kusaina, ikuti mitengo ikwera mawa. Anasaina Lachinayi, Loweruka zonse zinali zitatha, ndipo mayi ake kumudzi anamva Lamulungu akuchokera ku tchalitchi. Ndalama zinapulumukadi, koma a banja la msuweniyo ndi a banja la mayiwo sanalankhulane kwa zaka. Madzi akatayika saoleka. Thupi limene laikidwa ku Joni mungadzalifukule ndi chilolezo n'kubwera nalo, lowotchedwa silibwerera.

Pamafunika zikalata zotani, ndipo phulusa tingabwere nalo bwanji?

Kuwotcha kumafuna mapepala ambiri kuposa kuika, chifukwa moto umafafaniza umboni wa chimene chapha munthu (onani funso la imfa yokayikitsa m'munsimu). Kawirikawiri pamafunika chikalata cha imfa, umboni wa dokotala wonena chimene chapha munthuyo, fomu yosainidwa ndi wachibale wapafupi, ndi chilolezo chomaliza cha dokotala wina woikidwa kuunika mapepalawo. Zikatha mumapatsidwa chikalata chotsimikiza kuti thupi lawotchedwa.

Poyenda nalo, nyamulani chikalata cha imfa ndi cha kuwotchacho, zenizeni pamodzi ndi mafotokope. Dziwitsani ofesi ya kazembe wa Malawi m'dzikolo. Ku South Africa ili ku Pretoria, ndipo ku Johannesburg kulinso ofesi. Funsani a ndege pasadakhale. Phulusa likhale m'chotengera cha pulasitiki kapena cha matabwa chotsekedwa bwino, chifukwa chachitsulo makina ounikira katundu pa bwalo la ndege saona m'kati mwake. Liikeni m'chikwama cha m'manja, osati chopita pansi pa ndege, zikwama zimasochera.

Chikalata cha imfacho muchisunge bwino mukafika. Chidzafunika ku banki, ku penshoni, ndi pa nkhani ya chuma cha masiye.

Phulusa likafika kumudzi, maliro ake ayende bwanji?

Ayende ngati maliro. Apa ndi pamene ndimalimbikira kwambiri, chifukwa anthu amaganiza kuti kuwotcha kwalowa m'malo mwa mwambo, pamene kwangosintha chimene chili m'bokosi.

Mfumu iuzidwe zovuta monga mwa nthawi zonse, ndipo iuzidwe zoona, kuti chikubwera ndi phulusa. Musabise n'kubwera ndi bokosi lalikulu lokhomerera ngati muli thupi. Adzukulu akanyamula amadziwa, ndipo manong'onong'o ake amaposa chilungamo chimene mumachiopa. Anthu asonkhane, agone pa siwa, kwaya iimbe, chipepeso chiperekedwe. Kabokosi kaikidwe pa tebulo loyalidwa nsalu, chithunzi cha malemu chili pambali, kuti olira akhale ndi poyang'ana. Ena amakhoma kabokosi kakang'ono ka matabwa n'kuikamo chotengeracho pamodzi ndi chovala chimodzi cha malemu, ndipo ine ndimaona kuti zimenezi zimathandiza amayi kwambiri.

Dzenje silifunika kukula, koma likumbidwe ndi adzukulu, kumanda a banja, pafupi ndi makolo ake. Nkhata ziikidwe. Kumeta, kusesa, ndi chiliza pa nthawi yake, zonse zichitike. Ngati malemu anali wolowa ku dambwe, akuluakulu a kumeneko ndi mfumu ndiwo anene mmene gule ayendere.

Makolo athu anali kale ndi njira pa maliro opanda thupi: m'madera ena, munthu akamira osapezeka, ankaika thunthu la nthochi kapena zovala zake kuti mudzi ulire ndi kutseka maliro. Ngati ankapereka ulemu wonse kwa thunthu la nthochi, mafupa enieni a mwana wa pamudzi sangachepe.

Tingamwaze m'nyanja, kusunga m'nyumba, kapena kugawana?

Phulusa lilibe tizilombo. Moto uja unapha zonse. Koma nyanja yathuyi anthu amamwa, amasambamo, amaphamo usipa. Ngakhale malemu ananena kuti akufuna kumwazidwa pa nyanja, kambiranani ndi mfumu ya pa dooko ndi a khonsolo, ndipo zikaloledwa mukachitire kutali ndi gombe. Kumwaza m'munda poganiza kuti likhala manyowa n'kulakwitsa: lili ndi mchere wambiri ndipo likaunjikana limawotcha mizu.

Kusunga m'nyumba sindikulangiza. Kwathu kuno mwana akangodwala, kapena bizinesi ikangoyenda bwino, anthu adzaloza kabokosi kaja, ndipo wamasiye adzatchedwa maina. Nyumba zimapsa, anthu amasamuka, adzukulu amadzataya osadziwa. Za kugawana, Akatolika aone funso la mipingo pamwambapa. Pamene malemu wasiya mkazi ndi ana kunja, ena amagawadi pawiri kuti mbali zonse zikhale ndi poika maluwa, koma zimenezi zigwirizanidwe phulusa lisananyamuke.

Munthu akafa ndi matenda opatsirana, boma lingatikakamize kuwotcha?

Pa kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, a zaumoyo ankathira matupi mankhwala a klorini, kuwakulunga ndi kuyang'anira kuika msanga, sankawotcha. Pa Covid-19 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti womwalira angaikidwe kapena kuwotchedwa, zonse n'zotheka.

Maiko amene anakakamiza anaona zovuta zake. Ku Liberia mu 2014, pa nthawi ya Ebola, boma litalamula kuwotcha ku Monrovia, mabanja ena anayamba kubisa odwala ndi kuika maliro mobisa, ndipo lamulolo linasiyidwa kumapeto kwa chaka chomwecho. Ku Sri Lanka anawotcha omwalira ndi Covid-19, Asilamu omwe, mpaka mu February 2021, ndipo mu 2024 boma linapepesa.

Imfa yake ikutikayikitsa. Tiwotchebe?

Ayi, dikirani. Moto umafafaniza mabala, poizoni ndi DNA yomwe. Ngati munthu wafa pa ngozi ya kuntchito, m'manja mwa anthu, m'chitokosi, kapena mwadzidzidzi popanda kudwala, thupi lipimidwe kaye ndi dokotala wa apolisi, lipoti lake lituluke, ndipo apolisi anene kuti athana nalo. Chipukuta misozi cha kuntchito ndi inshulansi zimadalira lipoti limeneli. Chimodzimodzi ngati pali mwana amene akunenedwa kuti ndi wa malemu ndipo abale akukayika: pemphani kuti atenge kaye zoyezera DNA thupi lisanapite.

Ndani ali ndi mawu omaliza, mkazi wake kapena akuchimuna kwawo?

Ku maiko akunja amene amasaina fomu ndi mkazi, mwamuna kapena mwana wamkulu, ndipo a kampani safunsa za malume. Kwathu kuno mwini mbumba ndi amene amati mwana wa mlongo wake akagone kuti. Malamulo awiriwa akakumana pa mtembo umodzi, m'pamene pamabuka milandu.

Langizo langa kwa amene wagwira cholembera ndi ili: kukhala ndi mphamvu yosaina sikutanthauza kuti usaine wekha. Imbani foni, mayi ndi malume amve ndi makutu awo mitengo yonse itatu, ya kubweretsa thupi, ya kuika komweko ndi ya kuwotcha. Nawonso akumudzi, ngati akukana kuwotcha, anene chimene aikepo, kaya ndi ng'ombe, kaya ndi mpunga wa chaka chino. Si bwino kukana chabe n'kusiyira wamasiye ngongole ya ku mochale. Mukagwirizana, wina alembe uthenga pa gulu la banja wonena chimene mwapangana ndi amene analipo.

Ana tiwauze chiyani?

Zoona, m'mawu ochepa. Thupi la adadi linasiya kugwira ntchito, silimvanso kuwawa kapena kutentha, ndipo linasandutsidwa phulusa kuti lithe kubwera kwathu. Mawu oti "tawawotcha" kwa mwana wamng'ono ndi olemera, ndipo musamuuze kuti "agona m'kabokosimo", chifukwa adzaopa tulo. Akafunsanso mawa, muyankheninso chimodzimodzi.

Ine ndili kunja, ndipo ndili ndi maganizo anga pa nkhaniyi. Ndichite chiyani ndili moyo?

Nenani. Ambiri timaopa kuti kutchula imfa n'kuiitana, koma amene amavutika ndi kukhala chete kwathu ndi otsala. Uzani anthu osachepera awiri, mmodzi wa kumene muliko ndi mmodzi wa kumudzi, makamaka malume kapena mlongo wanu wamkulu. Kulemba mu wilo kokha sikukwanira, chifukwa wilo nthawi zambiri imatsegulidwa maliro atapita kale. Lembaninso pa pepala lapadera, musaine, mujambule, mutumize kwa onse awiri.

Ngati mukufuna kudzagona kwanu ndi thupi lathunthu, lowani gulu la maliro kapena tengani inshulansi imene ikunena momveka kuti imalipira kunyamula thupi mpaka ku Malawi, ndipo musadumphitse mwezi. Onetsetsani kuti dzina la pa inshulansi ndi lofanana ndi la pa pasipoti yanu. Ambiri ku Joni amadziwika ndi maina a kuntchito kapena amayendera mapepala a munthu wina, ndipo tsiku la tsoka mtembo umakhala ku mochale milungu yambiri chifukwa palibe chikalata chogwirizana ndi nkhope. Anzanu amene mumagona nawo nyumba imodzi adziwe dzina lanu lenileni, mudzi wanu, mfumu yanu, ndi nambala ya foni ya munthu mmodzi wa kwanu amene amayankha usiku.